Maclean Pakati pa Gule

Pomwe ng'oma zinkayamba kulira kuseri kwa mashopu a ku Beaumont Leys, Maclean anali atavala kale zoyera zokhazokha. Mkanjo wake unali wochindikala, wofewa, wofika m'maondo, ndipo kamphepo ka ku Leicester sikankamukhudza n'komwe.

Ovinawo anali anamwino ochokera ku Philippines, a mtundu wa Ilocano. Chaka chilichonse ankapempha kamsewu ka kuseri kwa mashopuko Loweruka limodzi kuti avine gule wokumbukira nsalu zoluka pamanja za kwawo. Mmodzi mwa iwo anali Joanna, chibwenzi cha Maclean. Nthawi zonse Maclean akatchula za banja, Joanna ankamuuza kuti adikire mayi ake abwere kuchokera ku Philippines adzamuone kaye.

Mayiwo anafika kumayambiriro kwa mwezi. Anali aafupi, ouma nkhope, ndipo anakulira pa ntchito yoluka nsalu. Tsiku loyamba anamuyang'ana Maclean kuyambira m'mapewa mpaka pamimba, anamuzungulira, kenako anagwedeza mutu mokhutira. Analankhula zachikwawo, Joanna n'kumasulira kuti chaka chino pakati pa gule paime iyeyo, chifukwa panalibe wina woyenera kuposa iye.

Maclean sanafunse zambiri. Atamuuza kuti asavutike kubwera kokonzekera popeza ntchito yake inali yongoima, zinamukomera kwambiri. Munthu wolemekezeka savina, anaganiza choncho, amaviniridwa.

Nkhani anaifalitsa yekha. Pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi analemba kuti apongozi amuvomera, ndipo amulonga ukamwini pamsewu, anthu onse akuona. Anzake a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe anasinthitsa mashifiti kuti asaphonye. Achemwali ake, a Keturah, anakwera sitima kuchokera ku Loughborough, ndipo tsopano anali atakweza foni m'mwamba kuti mayi awo ku Zomba aonere zonse zikuchitika.

"Koma iwe, unafunsa kuti mkanjowu ukutanthauza chiyani?" anafunsa a Keturah akuutsina m'mbali.

"Achemwali, inu zingojambulani. Izi n'za eni ake, simungazimvetse."

Ng'oma zinakolera. Amayi ovala nsalu zamizeremizere anatulukira m'mizere iwiri, aliyense ali ndi timitengo tiwiri ta nsungwi m'manja, akutiwombanitsa motsatira ng'oma. Anamuzungulira Maclean, bwalo likunka licheperachepera. Iye anatukula chifuwa, n'kumabayibitsa anthu pang'onopang'ono ngati phungu wopambana chisankho. Anzake anaimba malikhweru. Mayi ake a Joanna anali patsogolo penipeni, maso ali pa iye.

Apo bambo wina anatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokozera anthu m'Chingerezi chiyambi cha guleyu. Anati kwawoko, nsalu isanalukidwe, alimi amaunjika zokolola pansi n'kuzipuntha ndi nsungwi mpaka njere zonse zitatuluka. Chaka chatha anapuntha thumba la mapilo, koma linang'ambika gule ali pakati. Choncho komiti inathokoza kwambiri kuti chaka chino papezeka munthu wathupi, wodzipereka yekha.

Maclean anatsitsa dzanja. Joanna anavina mpaka pafupi naye, n'kumunong'oneza mwachikondi.

"Gwada, wokondedwa, ubise mutu. Iwe ndiwe thonje."

Nsungwi yoyamba inali ya apongozi.