Waya wa pa Bulugama

Ku Champiti kuno palibe wodziwa kugwira mawayilesi akunja kuposa ine Bizwell. Waya wa eriyo ndinamanga ndekha, kuchokera padenga kukafika pabulugama, ndipo malipoti anga ofotokoza mmene mawu akumvekera amawerengedwa pa mawayilesi omwewo kutsidya kwa nyanja.

Tsiku lina mphepo inathyola nthambi yomwe ndinamangapo wayayo. Kutada ndinatuluka ndi tochi kukaona. Ndili panja, wayilesi m'nyumba inayamba kumveka bwino kuposa kale lonse.

Nthambi ndinaipeza pansi. Nditaunika m'mwamba, ndinaona waya wokungika bwinobwino, kukathera pamalo popanda nthambi.

"A Bizwell," anatero mawu kumwambako, "zikumveka bwanji?"

Ine sindinanamepo pa lipoti. "Bwino kwambiri," ndinayankha.

"Ndiye musazimitse. Mkono wanga sutopa."