Timapepala ta m'Chimbudzi

"Mpaka pa ketulo, mayi a mwana?" anafunsa telala, akumatula kapepala konyowa ndi nthunzi.

"Kabwezereni pomwepo," anayankha mkazi wake, namwino, maso ali m'buku. "Mayeso olowera digiri yachiwiri ndi Loweruka. Ndikalakwa, ndiye mpaka chaka chamawa."

Nyumba yonse inali mbwee timapepala ta mawu ovuta achingerezi, kalikonse tanthauzo lake m'munsi. Tinali pa filiji, pa galasi, ngakhale pa makina osokera, ndipo m'chimbudzi anatindandalika motsatira alifabeti. Telala ankadandaulira kasitomala aliyense kuti anakwatira namwino koma akugona m'dikishonale.

Zotsatira zitatuluka kuti wakhoza, namwino anatenga jumbo n'kuyamba kumatula timapepala tija.

"Mwapumatu tsopano, bambo a mwana."

Atafika pa chitseko cha chimbudzi, anapeza mwamuna wake atatsekereza njira.

"Ta m'katimu tisiyeni kaye."

"Bwanjinso? Si inu munkati tikukusowetsani mtendere?"

Telala anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga.

"Ndangofika kumene pa chilembo P. Munaona telala wakuti akusiya shati ili ndi mkono umodzi?"