Makina a Wosoka Nsapato ndi Khadi la Mpongozi

Panali munthu wina, mkulu wosoka nsapato, amene zala zinayamba kumuuma. Zingano ankachita kukoka ndi mano. Ana ake aamuna, monga ana a masiku ano, ankangoti “tiona, bambo,” osaonekanso. Ndiye anatenga zonse zimene anasunga moyo wake wonse kuti agule makina osokera nsapato a kunja, amene anawaona pafoni.

Wogulitsayo anali wa pakamwa pa uchi. Anati ayambe walipira theka, ndipo akatumiza kudzera ku banki amutsitsira mtengo. Mpongozi wa mkuluyo, mkazi wa mwana wake wotsiriza, anamuchonderera kuti agwiritse ntchito khadi lake la ngongole, ndalamazo angomupatsa iyeyo. Anati katundu wolipira pakhadi akapanda kufika umakadandaula, ndipo kawirikawiri banki imalondola, koma zotumiza wekha ndi madzi otayika.

“Ngongole, ine? Mayi, imvi zonsezi sindinakongolepo ngakhale mchere.”

Anavala jekete, nakaima pamzere ku banki mpaka mawondo kuphwanya, natuluka akunyadira pepala lachidindo.

Pofika nthawi ya theka lachiwiri, miyendo inali itamutupa moti sakanatha kukaimanso pamzere. Monyinyirika anapereka ndalama kwa mpongozi uja, iye nalipira ndi khadi.

Makina sanabwere. Nambala ya wogulitsa inazima. Mkuluyo anatsimphinira ku banki ndi pepala lake, koma wapakauntala, osadzutsa n’komwe mutu, anati, “Munatumiza nokha, agogo. Kumeneko anatapa kalekale.” Ana aamuna aja atamva, nthawi inapezeka tsopano, yobwera kudzamunena kuti ukalamba wamulowa m’mutu.

Mpongozi sananene kuti ndinakuuzani. Anasonkhanitsa mauthenga onse a wogulitsayo, nakadandaula ku banki, nayendera nkhaniyo wapansi, dzuwa ndi mvula. Patapita miyezi, theka la pakhadi linabwerera. Ndalamazo mkuluyo anagulira makina akale kwa mmisiri wina wopuma ntchito. Amasokosera ngati chigayo, koma amasoka.

Tsiku loyamba mkuluyo anabweza makasitomala onse pakhomo, naitana mpongozi wake.

“Vulani nsapatozo, mayi. Zathera pa ine. Ziyambe ndi zimenezi.”

Phunziro: Pogula katundu kunja kwa munthu amene simunamuonepo, musatengeke ndi mtengo wotsika n’kumutumizira ndalama ku banki. Khadi lili ndi pokadandaulira, bola ngongoleyo mubweze msanga. Ndipo wokuchenjezani, ngakhale sanabadwire pakhomo panu, mumuthokoze akadali moyo. Tumizirani ena, makamaka akuluakulu ouma mutu ndi ana awo osaonekawo.