Kabwato Pamsomali wa Neti

"Ine ndapachikapo magalasi m'mahotela a ku Durban, mayi a Nuru. Kabwato aka kangandivute?"

Swadick anali atasema yekha kabwatoko ndi mtengo wa mlombwa, n'kukapaka utoto wonyezimira, kuti Nuru, mwana wawo wa zaka ziwiri, azikaona akagona. Anakakoleka pamsomali womwe ankamangapo neti ya udzudzu, pamwamba penipeni pa bedi la mwanayo.

"Khomalo ndi la zidina, silisunga msomali," anatero Abiba, mkazi wake. "Kamangeni kumtanda wa denga ndi chingwe cha ukonde, mmene amachitira achimwene."

"Achimwene anuwo sanadutsepo n'pa Liwonde pomwe."

M'mawa mwake Nuru atadzuka anagwira neti kuti aimirire. Msomali unazuka ndi dothi lomwe, kabwato n'kumugwera kumaso.

Kuchipatala Swadick anangoima pakhonde, malaya ali magazi okhaokha, akumva mwana akulira mkati. Abiba atatuluka sanakalipe.

"Diso lapulumuka," anatero motsitsa mawu. "Koma zomwe munakongola ndi pakamwa panu wabweza ndi mwana. Amusoka masitichi anayi pamphumi."