Mtengo Umene Anabzala Malemu

Panali bambo wina amene anali ndi fakitale yaing'ono youmitsa matabwa. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi amene timapemphera limodzi, ndipo ndailemba monga momwe anandiuzira.

Bamboyu anagula makina oumitsa matabwa ndi mafunde a wailesi. Matabwa amawasanja pakati pa zitsulo ziwiri zafulati n'kutseka chitseko, ndipo kutentha kumayambira m'kati mwa thabwa, osati kunja ngati padzuwa. Injiniya amene anadzaika makinawo anamuchenjeza.

"Bwana, dzanja lisakunamizeni. Kunja kukhoza kungofunda pamene m'kati mukupsa. Muziboola thabwa lochindikala la pakati penipeni n'kulowetsamo kachingwe koyezera kutenthaka. Ndi diso la makinawa. Kakaona kuti kwatentha kwambiri, makina amachepetsa okha mphamvu. Mukakasuntha, mwawachititsa khungu."

Bambo uja anamvera, ndipo dzina lake linamveka. Akalipentala ankati matabwa ake sapindika, sang'aluka.

Kenako mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, ntchito inamuthera. Bamboyu anamva chisoni, nati amutenge. Mkazi wake anamukokera pambali.

"Bambo a ana, ameneyu ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Mupatseni ntchito yosanja matabwa, koma makiyi a makina ayi. Uja sadikira ngakhale madzi kuti awire."

Bamboyo anaseka. "Mayi, mukuneneza m'bale wanu yemwe? Alamu anakula tsopano, taonani ndevu."

Anamupatsa makiyi.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye ndi matabwa pa galimoto yahayala. Anali a mtengo umene malemu mwamuna wake anabzala pakhomo chaka chimene anakwatirana. Mphepo inaugwetsa iye atamwalira kale.

"Ndikufuna tebulo lalikulu," anatero mayiyo. "Ana akabwera, azidyera pa mtengo wa bambo awo. Wina ngati umenewu kulibe, chonde."

Bamboyu anawasanja yekha, anaboola thabwa la pakati, analowetsa kachingwe kaja, natsitsa mphamvu. Koma mawa lake anayenera kupita kukagula mitengo kutali.

"Alamu, awa aziuma pang'onopang'ono. Musakhudze kalikonse."

"Pitani ndi mtima umodzi, alamu. Ndiwasamala ngati khanda."

Pobwerera anapeza matabwa atatuluka kale, osanjidwa bwino, osalala, opepuka.

"Mwaona?" anatero mlamuyo. "Makina anuwa mumangowaopa. Amathamanga ndithu!"

Bambo uja anakayika pang'ono, koma atasisita thabwa anaona kuti lili bwino. Anaitana mayi wamasiye kuti adzaone. Mayiyo anafika ndi mwana wake wamkazi, onse akumwetulira. Bamboyo analiza sowo kuti awaonetse maonekedwe a m'kati.

Kunatuluka fungo la chinthu chopserera. Thabwa litagawika, pakati ponse panali bii ngati makala, ming'alu yokhayokha. Anadula lina, chimodzimodzi. Linanso, chimodzimodzi. Mayiyo anangokhala pansi, pa utuchi pomwepo.

"Makinawa ndi achabechabe," anafulumira kunena mlamuyo. "Injiniya uja anakupusitsani, alamu."

Bambo uja anamukhulupiriranso. Anaimbira injiniya foni n'kumukalipira pamaso pa anthu. Injiniyayo anangobwera. Anayang'ana makina, sanapeze vuto. Atasuzumira kuseri kwa chitseko anatola kathabwa kopyapyala koboola chatsopano.

"Bwana, aka n'ka ndani?"

Bamboyo anakatembenuza. Sikanali ka mayi wamasiye, sikanali ka kasitomala wake aliyense.

Apa mlamu uja anayamba kuchita chibwibwi, mpaka zonse zinaululika. Anali ndi makasitomala ake amseri. Mwini wake atangochoka, anatsekula makina n'kupanikizamo matabwa awo aawisi, nakweza mphamvu kuti aume mwini wake asanabwere. Makina aja ankangotsitsa okha. Ndiye anazula kachingwe m'thabwa la mayi wamasiye n'kukalowetsa m'kathabwa ka m'mphepete, kumene sikutentha kwenikweni. Makina anaona ngati kukadali kozizira, napitiriza kuotcha.

"Alamu," anatero bamboyo, "ndinakupatsani makiyi mlongo wanu akukana. Ndanyoza munthu wosalakwa chifukwa cha inu. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ngati khanda."

"Aaa, alamu, si matabwa chabe? Tigula ena."

"Mukagula kuti? Amene anabzala mtengowu mukamudzutsa?"

Mkazi wake, amene anamva phokoso n'kubwera, sanakumbutse mwamuna wake zimene ananena kale. Anangotambasula dzanja kwa mlongo wake. "Achimwene, makiyi." Mlamu uja anapereka, natuluka osapepesa.

Bambo uja anapepesa injiniya, kenako anagwada pa utuchi pamaso pa mayi wamasiye. Ananena kuti amupangira tebulo la mtengo uliwonse umene angasankhe. Mayiyo anapukusa mutu. Anadzuka, nayamba kutembenuza zidutswa zija chimodzichimodzi, mpaka anapeza kachidutswa ka m'mphepete kosapsa, kotalika ngati mkono.

"Aka kakwana felemu ya chithunzi chake?"

"Kakwana, mayi."

"Ndipangireni imeneyo. Ana azidyera patebulo lakale lomwe lija, bambo awo aziwaona ali pakhoma."

Mayi amene timapemphera limodzi uja anandiuza kuti bambo uja anapanga felemuyo yekha, akulira.

Phunziro: Abale anga, chinthu chimene mnzanu wakusungitsani, chimene sichingagulidwenso, musachisiye m'manja mwa munthu chifukwa chakuti ndi wachibale. Mverani amene akumudziwa bwino, ndipo musathamangire kudzudzula wosalakwa. Thabwa limaoneka bwino kunja litapsa m'kati, munthunso chimodzimodzi. Tiwapempherere mayi wamasiyeyu ndi banja lija, ngakhalenso mlamu uja kuti Ambuye amufewetse mtima. Tumizirani ena uthengawu, mwina wina ali pafupi kupereka makiyi lero.