Miyala Idasamukira pa Mbaula

"Aliyense aike mwala pa vuto lomwe lamupweteka kwambiri," adatero a Joel, mlangizi wa bungwe lina lochokera ku Lilongwe. "Kafukufukuyu ndi wanu. Ife tangobwera kudzamva."

Anthu a m'mudzi wina ku Kabudula anali atajambula mavuto awo pansi ndi phulusa. Miyala yonse idaunjikana pa chithunzi cha mlatho. Mayi Nasimelo adaikapo iwiri, poti mwana wawo anali woyembekezera ndipo chipatala chili kutsidya kwa mtsinje.

A Joel adamwetulira. Kenako adakankha mulu wonse ndi nsapato mpaka pa chithunzi cha mbaula.

"Mukaganiza mozama, vuto lanu lenileni ndi nkhuni, eti? Mwamwayi bungwe lathu likugawa mbaula zamakono."

Adajambula muluwo ndi foni, nauza anthu kuti adziombere m'manja chifukwa chosankha okha.

Pobwerera, galimoto yawo idatitimira m'matope pakati pa mtsinje uja. A Joel adathamangira kumudzi atapinda thalauzi mpaka m'maondo.

"Chonde anthuni, dzatikankheniko! Madzi akukwera!"

Anthu adapitadi. Atafika adakhala pansi m'mbali mwa mtsinje, amayi uku, abambo uko. Mayi Nasimelo adajambula galimoto pamchenga mosafulumira, natolera timiyala.

"Musathamange, achimwene, tifufuze kaye limodzi," adatero mofatsa. "Kodi mukaganiza mozama, vuto lanu ndi matope? Ife tikuona ngati ndi nkhuni. Mbaula muli nazo m'galimotomo, eti?"