Mipando Iwiri Pakhonde

Mphunzitsi wa sayansi anapeza bambo ake atatulutsa kale mipando iwiri pakhonde, dzuwa lisanalowe n'komwe.

Bambowo anali atamutumiziranso uthenga uja pafoni m'mawa: lero Mars ikula ngati mwezi, tumizirani onse amene mumawakonda. Chaka ndi chaka womwewo.

"Bambo, ndinene kangati?" Anaponya chikwama pansi, choko chikadali mbuu m'zala. "Limeneli ndi bodza. Mars ili kutali zedi, ikaoneka ndi kadontho kofiira basi. Ndaswera pa nkhani yomweyi ndi ana a sukulu mpaka kukhosi kuuma. Ndiye inu n'kutumizira abale onse? Azakhali ayamba kale kusala kudya, akuti dziko likutha."

Bambo aja sanatsutse. Anavula chipewa n'kupukuta fumbi pampando winawo, uja ankakhalapo malemu mayi.

"Abale ako onse angonditumizira kachithunzi ka chala chovomereza," anatero. "Koma iwe umapsa mtima mpaka kukwera basi kubwera kuno."

Mphunzitsiyo anayang'ana kumwamba. Kunali mitambo yokhayokha.

Anausa moyo, n'kuvula nsapato, n'kukhala.